Udzachirire ku Mapenshoni, Rozina

...ndiye monga ndimanena muja, azakhali ako asanakukoke dzanja n'kukakutsekera m'nyumba ndi malangizo awo osatha aja, anesi a sikelo anafika pa mtengo wa mapeyala wa pabwalopa, anamangirira sikelo yawo kunthambi, n'kukhala pansi kudikira ana. Anadikira, Rozina. Anadikira mpaka peyala limene analipeza laliwisi linapsa n'kuwagwera pachipewa. Mwana sanabwere ngakhale mmodzi. Amene anabwera ndi a Sitima oyandikana nafewa, ndodo ili m'manja, kudzafunsa ngati m'chikwamamo muli mankhwala a nyamakazi. Iwe tsikulo unali ku Hauna kogulitsa nthochi, n'chifukwa chake sunaone mmene bambo ako anapulumutsira dzina la mudzi. Ndinathamangira kudimba, ndinadula mkoko wa nthochi, ndinaukulunga m'chitenje cha amayi ako, n'kufika nawo nditaubereka kumbuyo. Ndinati, "Sisita, ndiyezereni uyu, ndi womaliza wanga, masiku ano sakudya bwino." Anesi aja anauyezadi, osaseka n'komwe. Anati, "Sekuru, mwana wanuyu waposa ana onse amene ndayeza ku Mandeya chaka chino. Koma kuno sindibweranso. Galimoto ilibe mafuta, ndikuyenda pansi, ndipo sindingamakwere phiri lonseli kudzayeza nthochi." Anamasula chingwe chawo n'kumapita. Mwana wanga uja anapita naye.

Nkhani imeneyo ndimafuna ndikuuze pakamwa, koma yotsatira yake bambo sanena ndi mwana wamkazi akuyang'anana m'maso. N'chifukwa chake ndang'amba mapepala m'kope lakale la mlongo wako Lemani, ndakhala pansi pa mtengo womwewu dzuwa lisanalowe, ndikulemba. Ukapeza zilembo zopindika usaseke. Sukulu ndinaisiya ndekha nditaona kuti aphunzitsi akungondifunsa mafunso tsiku ndi tsiku, kusonyeza kuti mayankho analibe. Kalatayi amayi ako aibisa pansi pa mapoto m'chikwama chako. Usaiwerenge mu kombi ya ku Mutare, mumakhala anthu otidziwa ndipo makosi awo ndi aatali. Ukaiwerenge basi ya ku Chipinge ikanyamuka, mwamuna wako Tichaona akagona. Ndamuona mnyamata ameneyo, akangopeza mpando tulo timamupeza.

Choyamba udziwe kumene ukuchokera, chifukwa ku Gaza, mtauni ya Chipinge kwawo kwa mwamuna wako, akakufunsa. Uzikati ndine wa ku Mapenshoni, ku Honde, ndipo uzikatchula mokweza ngati ukunena Harare. Mudzi uno anauyamba ndi agogo ako obereka amayi ako, iwo ndi anzawo, atatopa ndi dengu la tiyi kumsana. Kwawo ku Mulanje kunali kutali, sitima inali itawaiwala, ndiye anapempha kamalo kuseri kwa minda ya kampani, pomwe eni dera ankati n'pamiyala. Ena anali a ku Nyasalande, ena a ku Milanje kwa Apwitikizi, onse opuma ntchito, ndiye dzina linachokera pamenepo. Chuma analibe. Chimene anali nacho ndi ana aakazi. Ndipo pamwambo wa kwathu mwana wamkazi sachoka pamudzi, mwamuna ndi amene amanyamula bulangeti lake kudzakhala kwa mkazi, ndiye mkamwini ameneyo. Mtsikana aliyense anakoka mwamuna mmodzi, mwamuna aliyense anamanga nyumba, nyumba iliyonse inadzaza. Ine ndemwe ndinakokedwa choncho kuchokera kukomboni ya ku Chipinge, ndipo amayi ako anakoka nsomba yaikulu kuposa anzawo onse, ukawafunse. Pamene ndinkafika kuno ana analipo ambiri mwakuti ukaponya chimanga chokazinga m'mwamba sichinkafika pansi, chinkagwera m'kamwa mwa munthu. Mpira tinali ndi matimu awiri, a Mulanje ndi a Milanje, ndipo ine ndinkagoletsa mbali zonse ziwiri kuti pasakhale wodandaula.

Lero ukudziwa wekha mmene tatsalira. Lemani ali ku Joni. Anyamata a Sitima anathamangira ngoda, miyala ya dayamondi ija, ku Chiadzwa, ngoda sitinaione ndipo iwonso sitinawaone. Atsikana a kumtunda kuja ali ku Manica, akugulitsa sopo ndi shuga pamalire. Ena tinawaperekeza kumanda akadali ndi mano onse, matenda aja, sindikufuna kuwatchula lero. Ana amene anasiyidwa kwa agogo awo onse akula, ali kusukulu, ndipo makanda atsopano akubadwira ku Joni, timawadziwa pa zithunzi basi. Ine ndi imvi zangazi ndine wapampando wa achinyamata kutchalitchi, a Sitima ndi wachiwiri wanga, ndipo msonkhano wathu timautsekera msanga chifukwa achinyamata amayamba kusinza. Mbuzi zachuluka kuposa anthu, ndipo zikudziwa, chifukwa masiku ano sizipatukanso panjira, timapatuka ndife. Mtsikana womaliza pamudzi pano unali iwe, Rozina. Mawa kombi ikakutenga, wamkazi wamng'ono kwambiri mwa akuluakulu atsala ndi amayi ako, ndipo ayamba kale kuyenda modzimva.

Tsopano imva kupusa kwa bambo ako, kupusa kumene amakwanitsa ndi anthu anzeru okhaokha. Nditamva kuti Tichaona, mnyamata wokonza makina kufakitale ya tiyi, akukufuna, ndinavina ndekha kudimba. Ndinati Mapenshoni yapeza mwamuna. Ndinaumba njerwa, ndinadula mitengo, ndinamanga nyumba kuseri kwa yathuyi, nyumba yoti bwana wa fakitale atadutsa anavula chipewa. Iwe ndinakuuza kuti ndi yosungira chimanga, ngati kuti chimanga chilipo. Ndinamudulira munda kumunsi kwa nthochi, ndinamugulira khasu lolemera loti likamuphunzitse ulemu. Amayi ako anandiyang'ana tsiku lina ndikufolera, anati, "Bambo a Lemani, kodi mwafunsa?" Ndinati, "Ndifunse chiyani, Nabanda? Ine pobwera kwa inu anandifunsa ndani?" Anati, "Inu ndinu Mnyanja. Uyo ndi Mndau." Ndinati, "Mndau ndi munthu, akaona nyumbayi saganizanso za kwawo." Anangoti, "Chabwino, foleranibe."

Tsiku la roora, lija anabwera kudzapereka za ukwati, iwe unali m'nyumba ndi azakhali ako ndipo sunamve. Anabwera a munyai, nkhoswe yawo ija ya mimba yotsogola, ndi a tete, azakhali a mwamuna wako, aja a duku yofiira oyang'ana munthu ngati akumuyeza pasikelo. Nkhani itatha, ine ndinati alendo bwerani muone. Ndinawazungulitsa nyumba yonse, ndinawatsegulira zenera, ndinamenya khoma ndi chibakera kuti amve kulimba. A munyai anati, "Yabwino, Sekuru. Ndi ya nkhuku kapena ya mbuzi?" Ndinati, "Ndi ya mkamwini. Bedi lake likhala apa, khasu lake ndi ilo, akadzuka m'mawa azikayamba kwa apongozi ake kukapereka moni." A munyai anamasulira m'Chindau. A tete anayamba kugwedezeka mapewa, kenako thupi lonse, mpaka duku inagwa. Atapuma anati, "Baba, ife tabwera kudzatenga, sitinabwere kudzasiya. Kwathu mwamuna wokakhala kwa mkazi timamutengera kwa aneneri akamupempherere." Ine ndinaseka nawo mokweza kuposa onse, ndinati ndimangokuyesani. Koma a Sitima anali pomwepo, ndipo mpaka lero akadutsa amagogoda pachitseko chija n'kufunsa ngati akamwini adzuka.

Ndiye langizo ndi limeneli, mwana wanga: uzikafunsa usanafolere. Anthu amene ukupitako ali ndi njira zawo, ndipo kwa iwo njira zimenezo ndi zowongoka ngati mizere ya tiyi. Ukaone mmene amawombera m'manja, mmene amagawira nyama, amene amayamba kusamba m'manja. Mawu oti "kwathu timachita chonchi" uwatsekere m'chikwama chaka chathunthu. Ukakhala wosadziwa, funsa a tete. Mayi ameneyo ndi wolusa, koma munthu woseka mpaka duku kugwa sangakhale woipa mtima. Chindau uzikachiyankhula ngakhale akuseke, ine ndinachiphunzira tsiku limodzi ndipo madzulo ake ndinali nditayamba kuwakonza eni ake. Koma Chinyanja usakachisiye pa basi. Ukapsa mtima, ipsa m'Chinyanja, sakamva ndipo ukwati ukalimba. Ukumva, Rozina? Uzikafunsa usanafolere.

Ndikuuzenso za maliro a Faifi, aja ankaimba belu la tchalitchi. Iwe unali kuphika ndi amayi kusiwa, za kumanda unangomva theka. Pamwambo wathu wachibale sakumba manda a m'bale wake, amakumba ndi adzukulu, anthu a magazi ena. Koma pano takwatirana takwatirana mpaka aliyense ndi msuweni wa mnzake, ndipo anyamata amene akanakumba ali kutsidya kwa Limpopo. Atafufuza anapeza kuti munthu wa magazi ena wotha kunyamula piki ndatsala ndine, mkamwini wa ku Chipinge. Anati tikapemphe anthu a ku Mandeya. Ine ndinati, "Mukapemphe chiyani ine ndilipo? Ndikumba ndekha, ndipo ndimaliza tiyi asanawire." Ndinakumba, Rozina. Ndinakumba mpaka ndinayamba kumva wayilesi ya ku Mozambiki kuchokera pansi. Pofuna kutuluka, msana unakana, miyendo inakana. Ndinaitana. Anasuzumira a Sitima, anandiyang'ana bwinobwino, anati, "Musiyeni momwemo, tingoika awiri, tisadzavutikenso kawiri." Ananditulutsa ndi azimayi, atalumikiza zitenje, amayi ako akutsogolera nyimbo ngati akukoka ng'ombe m'matope. Bokosi ananyamula ndi Mapositori a ku Mandeya aja a zovala zoyera. Palibe anawaitana. Anabwera chifukwa amayi ako sajomba pamaliro awo, amapita ndi nkhuni pamutu ngakhale womwalirayo sakumudziwa dzina.

Pamenepa pali zinthu ziwiri, uzitole zonse. Mphamvu zako usakazionetse zonse sabata yoyamba. Ukakatungira madzi msewu wonse wa ku Gaza kuti akuyamikire, mawa lake ntchito imeneyo ndi yako mpaka ukalambe. Iwe unatengera ine, ndiwe wamphamvu ndiponso wokongola, ndiye uzichepetsako. Chinacho, uzikapita kumaliro. Mtauni anthu ndi ambiri koma ako ndi ochepa, ndipo amapezeka pamaliro, potsuka mapoto, osati pa ukwati. Madzi uzikawiritsa, kukumveka za kolera. Ndipo usakakongole mchere kwa munthu amene sunamupatsepo moni.

Iyi tsopano uwerenge pang'onopang'ono, ndi ya kubadwa kwa Lemani. Nditalimira agogo ako kwa kanthawi monga mkamwini, ndinapeza ntchito ya ukapitawo ku esiteti ya ku Chipinge. Chabwino, wothandiza kapitawo, koma kapitawoyo sankachita kanthu osandifunsa. Amayi ako anali ndi pakati poyamba. Agogo ako aakazi anati, "A Phiri, pitani nokha, mkaziyu mumusiye achire kaye." Ine ndinati, "Amayi, ine ndabereketsa ng'ombe za mzungu zosawerengeka, mwana mmodzi angandivute?" Ndinawatenga. Inali nthawi ya mvula, tiyi akuphuka usiku ndi usana, aliyense wa manja awiri akuthyola. Amayi ako anati akumva msana. Ine ndinawerenga miyezi pa zala zanga n'kunena kuti nthawi sinakwane, apite akathyoleko pang'ono. Zala zanga zinanama. Matenda anawayambira kushedi yoyezera masamba, mvula ikugwa ngati akuithira ndi ndowa, mlatho wa ku kiliniki utamira. Katswiri wa ng'ombe uja anathamanga mbali zitatu nthawi imodzi n'kubwera ndi ambulera yothyoka. Anathandiza ndi azimayi a Chindau othyola nawo, Mulungu awadalitse kumene ali. Koma amayi ako Chindau anali asanachidziwe. Ine ndili panja pa shedi ndinkawamva akuitana amayi awo m'Chinyanja, akuitana, akuitananso, ndipo panalibe woyankha. Chifukwa cha mawu amenewo, mpaka lero ndikadutsa pashedi ya tiyi ndimafulumira.

Lemani anamugoneka m'dengu la masamba, n'chifukwa chake mnyamata ameneyo amanunkhira tiyi ngakhale asambe. Masabata otsatira panalibe wowatungira madzi kapena wowasambitsira mwana. Ndinkaphika ndine phala, phala loti ukaliumba njerwa nyumba yake singagwe. Amayi ako sanandinene ngakhale liwu limodzi. Koma iwe uli m'njira, anangomanga katundu wawo m'mawa wina, Lemani kumbuyo, anati, "Bambo a Lemani, ine ndikukachirira kwa amayi. Inu mutsale ndi ng'ombe zanu." Ndinatsatira ndi bulangeti langa, kachiwiri. Iwe unabadwira muno, m'manja mwa agogo ako, azimayi a mudzi wonse atazungulira nyumba, ndipo unalira mokweza mwakuti kufakitale anaweruka poganiza kuti ndi belu.

Ukudabwa kuti nkhani ya uchembere ikubwera bwanji kwa munthu amene akukwatiwa mawa. Rozina, bambo ako ali ndi maso. Amayi ako akuganiza kuti sindikudziwa, azakhali ako akuganiza kuti sindikudziwa, ndipo ine ndikuyenda ngati sindikudziwa chifukwa ndi ntchito ya bambo imeneyo. Koma mango aawisi a mtengo wa kuseri sanadye ndi anyani, ndipo chulu cha kudimba sichinadzibowole chokha. Roora yothamanga chonchija, anthu osadikira n'komwe kuti mvula ithe, ine ndinangoti zikomo. Sindikukalipa ayi. Tsiku limene ndinazindikira ndinapita kukayang'ana nyumba yopanda mwini ija, ndinaona kuti sindinapuse kwenikweni, ndinangolakwitsa dzina la wokhalamo.

Ndamvanso kuti Tichaona akufuna kuwoloka kupita ku Joni Khirisimasi ikatha, ndipo akufuna upite naye. Mnyamatayo sindikumuda. Fakitale ikulipira mapepala oti pofika nawo kusitolo asanduka oyatsira moto, ndipo mwamuna ayenera kusaka. Koma iwe ndi pakati pakopo, kukwawa pansi pa waya, kuwoloka mtsinje wa ng'ona, kukachirira m'kachisakasa ka malata kumene ukaopa ngakhale kutsegula pakamwa kuchipatala kuti angakumve kuti ndiwe wobwera, zimenezo ayi. Ukaitana amayi ako ndipo sipakakhala woyankha. Ndinazimva kamodzi, zinandikwana. Ndipo ku Joni ndikukudziwa, ngakhale sindinapiteko. Lemani ananena kuti abwera pa Khirisimasi. Kulakwa kwanga n'koti sindinamufunse kuti Khirisimasi yake iti.

Tsono tamvera nzeru za bambo ako, zimene ukaziuza anthu a ku yunivesite akhoza kuzilemba m'buku. Anthu a kwa mwamuna wako ali ndi mwambo wotchedwa masungiro. Ndinafunsa Mapositori aja, nthawi ino ndinafunsa ndisanafolere. Pakati poyamba pakakula, mkazi amamubweza kwa makolo ake, atatsogoza mbuzi, ndipo amakhala komweko mpaka achire, mwana alimbe khosi. Si mwambo wathu, ndi wawo. Sangaukane osadzichititsa manyazi okha. Vuto n'loti masiku ano ambiri akuusiya, akuti basi yadula, akuti mbuzi kulibe, akuti tidzachita zinthu zikakhala bwino. Zinthu zikakhala bwino mwanayo adzakhala ndi ndevu. Iwe usalole. Mwezi ukayandikira unene kuti ndikufuna masungiro, ndikufuna kukachirira ku Mapenshoni. Tichaona apite ku Joni ngati akupita, akakonze malo, adzakupeze kuno uli ndi mwana wonenepa. Za pambuyo pake mudzaona awiri, ine sindilowerera, kupatula pang'ono.

Akadzati mbuzi palibe, umuuze Tichaona kuseri kuti asadandaule. Ndili ndi mbuzi yanga ya mawanga ija. Adzanditumire mawu, ndidzaimangirira pamtengo kumsewu kumene kombi imaima, iye adzaimasule n'kubwera nayo monyada ngati waigula ku Chipinge. Ine ndidzailandira ndi manja awiri, ndidzaizungulira, ndidzati mbuzi za kwa Andau n'zokongola bwanji, kuno zotere kulibe. Ikadzathamangira yokha kukhola, tidzati ndi mbuzi yanzeru. A Sitima ndawauza kale kuti akadzatsegula pakamwa tsiku limenelo, manda awo adzakumba okha.

Ndipo usaope kuti uyamba wekha nkhaniyi. A tete ndayankhula nawo kale. Dzana atabwera kudzakonza za ulendo wako ndinawapeza kuseri kwa nyumba, ndinawafotokozera zonse mwaulemu ndi Chindau changa chosalala chija. Anandigwira dzanja, anati, "Baba, musadandaule, mwezi ukakwana muroora wathu, mtengwa wathuyu, ndidzamubweretsa ndekha, ngakhale pamsana." Ndiye njira ndi yolambula.

Ukanaona mmene mudzi ukukonzekera, ngakhale aliyense akunamizira kuti sakudziwa kanthu. Amayi ako akuti akusoka nsalu yophimbira wayilesi, koma wayilesi yake ili ndi manja awiri ndi khosi. Azimayi a kwaya ayamba kale kukangana kuti adzayambe kusambitsa ndani, awiri sakuyankhulana. A Sitima akusema kampando kakang'ono, akuti n'kopondapo pokwera bedi. Ine ndatseka mng'alu wa padenga la nyumba ija, ndapachika chitseko chatsopano, ndipo khasu lolemera lija ndalichotsamo. Mwanayo ndikudziwa kuti ndi wa kwa Andau, adzatenga mutupo wa bambo ake, umene ife timati mfunda, adzalembedwa ku Chipinge, zonsezo atenge. Ife tikungofuna kulira kwake koyamba kumveke pano. Anthu okalamba akakhala nthawi yaitali osamva khanda amayamba kukangana za nkhuku, ndipo pano tafika pa mazira. Akadzangobadwa ndidzapita ndekha ku kiliniki kukawatenga anesi aja, ndidzawanyamulira sikelo yawo pamutu phiri lonseli.

Zotsalazi ndi zing'onozing'ono. Mapoto amene wapatsidwa ndi a amayi ako, lalikulu lija lili ndi kabowo pafupi ndi chogwirira, uzilipendeketsa. Tichaona akakwiya umupatse mpando, tulo timaliza nkhaniyo. Usakamuuze kuti bambo anga akanachita mwakuti, si chilungamo kuyerekeza mnyamata ndi munthu ngati ine. Apongozi ako aakazi ukawapatse nthochi zimene ndaika m'thumba, uwauze kuti ndi zazing'ono za m'munda mwathu, zazikulu zinakana kulowa mu kombi. Ukakumana ndi wina woyankhula Chinyanja ku Gaza, alipo ambiri ochokera m'makomboni a tiyi, umupatse moni ndipo umuuze kuti ndiwe mwana wa a Phiri amene anali kapitawo. Akati sakundidziwa, ndi wobwera kumene. Mawa pokwera kombi ine sindikhalapo nthawi yaitali, ndili ndi ntchito yofunika kudimba. Usaganize china, ndi ntchito basi, ndipo maso angawa amavuta ndi fumbi la pamsewu. Usaiwale, Rozina: uzikafunsa usanafolere, uzikapita kumaliro, ndipo mwezi ukayandikira, masungiro.

Dzuwa lapita kuseri kwa phiri ndipo pepala latsala kachidutswa, ndiye ndinene ichi ndisanapinde. M'kalata yonseyi muli chinthu chimodzi chokha chimene ndapeka, zina zonse n'zoona ngati Baibulo. Zoti a tete avomera zija. Kuseri kwa nyumba ndinapitadi, ndinawapezadi, ndinatsokomola, ndinatsegula pakamwa, ndipo ndinawafunsa ngati ku Chipinge mvula ikugwa bwino. Anati ikugwa. Ndinati zikomo, n'kubwerera. Ndinaopa, Naphiri. Ndinaona kuti akati ayi, ndikhala ndilibe choti ndizidikira. Ndiye palibe amene wavomera kanthu, ndipo pakamwa patsala ndi pako. Ukafika, ukapume kaye, ukawazolowere, kenako tsiku lina ukagwade pafupi ndi a tete, uwombe m'manja monga amachitira iwo, unene kuti pa nthawi yako ukufuna amayi ako. Akayankha, utumize mawu ndi kondakitala wa kombi ya ku Mandeya, ngakhale liwu limodzi. Ine kombi imeneyo ndiziichingamira.

Ndine bambo ako,
Jailosi Phiri,
wapampando wa achinyamata, Mapenshoni.